Chigubu chikanunkha mazira owola, yisiti ali ndi njala

Tsiku lachinayi chigubu chinayamba kununkha. Ndinali nditachiika kuseri kwa chitseko m'kachipinda kosungiramo kachewere kwathu ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique. Ndinkapanga cider, mowa wa maapozi. Munali malita 20 a madzi a maapozi amene ndinasinja mumtondo ndi kufinya pansalu ndekha, ndowa zinayi zathunthu zochokera m'mitengo itatu yakalekale ya atsibweni anga cha ku Tsangano. Masiku oyamba zonse zinkayenda. Thovu linakwera, ndipo kapaipi kochokera pachivundikiro kankabwibwita m'botolo la madzi usiku wonse. Kenako m'mawa wina nyumba yonse inali mazira owola okhaokha.

Azakhali anga, amene anayamba kufulula masese ine ndisanabadwe, anasuzumira pakhomo atagwira mphuno.

"Iwe, chigubuchi unatsuka koma? Kapena alipo wachikhudza ali wotentha?"

"Ndinatsuka kawiri konse, azakhali."

"Nanga chimera unathira chochuluka bwanji?"

"Mowa umenewu sathira chimera, azakhali."

"Ndiye ukudabwa chiyani?"

Anaseka n'kumapita. Iwo ankaganiza za mphamvu ya chimera yosungunula phala kuti litsekemere, ndipo madzi a maapozi safuna zimenezo chifukwa shuga alimo kale. Komabe analasa pomwepo. Chimera chimabweretsanso chinthu china m'mbiya, chakudya cha yisiti, chimene ofulula masese sadandaula nacho chifukwa sichisowa, pomwe wopanga cider chimamusowa nthawi zambiri.

Yisiti, amene pamapaketi a m'masitolo akuno amalembedwa kuti fermento, si ufa wamba ngati soda. Ndi kachamoyo ka m'gulu la bowa, kakang'ono koti maso sangakaone, ndipo mtundu umene umagwira ntchito mu buledi, mumowa ndi muvinyo ndi Saccharomyces cerevisiae. Anthu anafulula zaka zikwizikwi asakudziwa zimenezi, mpaka Louis Pasteur wa ku France atasonyeza cha m'ma 1860 kuti kuwira kwa mowa ndi ntchito ya chinthu chamoyo. Shuga ndiye nsima yake. Madzi a maapozi okhwima amakhala ndi shuga wokwana magalamu 100 mpaka 120 pa lita, ndipo magalamu 17 aliwonse pa lita amapereka pafupifupi peresenti imodzi ya mowa, n'chifukwa chake cider wosathira shuga amathera pa 6 kapena 7 peresenti. Nsimayo ndi yambiri. Vuto ndi ndiwo.

Kapaketi ka magalamu 5 kamene mumathira m'chigubu sikangathe kumaliza shuga yenseyo pakokha. Yisitiyo amayenera kuswana kaye masiku awiri kapena atatu oyamba, mpaka supuni imodzi ya madziwo ikhale ndi tiyisiti mamiliyoni mazanamazana. Kuti kayisiti katsopano kapangidwe pamafunika mapuloteni, ndipo mapuloteni sapangika popanda nayitrojeni. Ngakhale timakomo ta pakhungu la yisiti timene shuga amalowera ndi mapuloteni, ndipo nayitrojeni akatha yisiti amayamba kugumula timakomo tomweto. Shuga ali mbwee panja, koma polowera palibe. Apa ndi pamene cider amaima pakati, wotsekemera, kapaipi kali zii.

Opanga vinyo amayeza nayitrojeni amene yisiti angathe kudya ndipo amamutcha YAN. Amapezeka m'mitundu iwiri: amoniya, ndi ma amino acid, tizidutswa timene timamanga mapuloteni. Mulingo umene ambiri amaugwiritsa ntchito ndi wakuti pakhale mamiligalamu pafupifupi 140 pa lita kuti kuwira kufike kumapeto bwinobwino. Mphesa zambiri zimafikapo kapena kupitirira. Phala la chimera limafikapo mosavuta. Madzi a maapozi nthawi zambiri safika n'komwe pa 100, ndipo ena amakhala pansi pa 50. Zimatengera mtengo. Mtengo wa m'munda wamalonda, wothiridwa feteleza chaka ndi chaka, umabala zipatso za nayitrojeni wochulukirapo. Mtengo wakale wa kuseri kwa khola, umene palibe anaupatsapo kanthu kuyambira pamene unabzalidwa, umabala zipatso zokoma koma zosauka. Ya atsibweni anga ndi yotero.

Ndiye timawonjezera tokha vutolo. Pafupifupi aliyense amene ndamuonapo akupanga vinyo wa zipatso kuno, kaya wa mapichesi a mu Novembala ndi Disembala kaya wa masau ouma ochokera kuchigwa cha Zambezi, amathira madzi kuti chigubu chidzaze, kenako makilogalamu awiri kapena atatu a shuga kuti mowa ukhale waukali. Madziwo asungunula kanayitrojeni kochepa kamene kanalipo, shugayo wachulukitsa ntchito. Zili ngati kuitana aganyu khumi, kuwapatsa munda wowirikiza, ndiwo n'kukhala za anthu awiri. Uchi nawo suthandiza, mulibe nayitrojeni woti n'kumuwerengera.

Fungo la mazira lili ndi nkhani yakeyake, ndipo ndi imene inandichotsa maganizo oti chigubu chinali chakuda. Mwa ma amino acid amene yisiti amadzipangira alipo awiri, methionine ndi cysteine, amene amafuna sulufule. Yisiti amatenga sulufule m'madzi a zipatso n'kumusandutsa sulphide, kuti amulumikize ku chidutswa china chokhala ndi nayitrojeni. Nayitrojeni akasowa chidutswacho sichipezeka, koma yisiti sasiya kukonza sulphide. Amangomutaya panja ngati mpweya wa hydrogen sulphide, womwe ndi mpweya womwewo wa dzira lowola. Mphuno ya munthu imaumva ngakhale utakhala gawo limodzi kapena awiri mwa magawo biliyoni. Choncho fungolo ndi kulira kwa yisiti, ndipo likamveka shuga adakali wambiri, nthawi yothandiza ikadalipo. Chinanso chimene chimalibweretsa ndi mankhwala a sulufule opopera mitengo akatsalira pamakoko, ndiye zipatso zogula muzitsuke.

Nayitrojeni si yekha. Yisiti amafunanso mavitamini, makamaka thiamine, amene ndi vitamini B1, komanso biotin ndi pantothenic acid, ndi timchere monga magnesium ndi zinc. Thiamine ndi wofunika kumutchula chifukwa mapiritsi a Campden, amene ena amathira kuti aphe tizilombo m'madzi asanathire yisiti, amamuwononga. Wogwiritsa ntchito mapiritsiwo adikire tsiku lathunthu asanathire yisiti ndi chakudya chake. Palinso mpweya wa okosijeni, umene anthu amauopa mopitirira. Masiku awiri oyamba yisiti amaufuna kuti apange mafuta olimbitsa khungu lake, khungu limene lidzayenera kupirira mowa kumapeto. Khutchumulani chigubu mwamphamvu m'mawa ndi madzulo masiku amenewo. Akadutsa, tsekani, mpweya uzingotuluka pakapaipi. Mukapitiriza kutsegula mudzapeza viniga.

Chakudya chodziwika kwambiri ndi DAP, mchere woyera wotchedwa diammonium phosphate. Mwa magalamu 100 aliwonse, 21 ndi nayitrojeni, ndiye galamu imodzi pa lita imapereka mamiligalamu pafupifupi 210. Masamu ake ndi apafupi. Tinene kuti madzi anu ali ndi mamiligalamu 60 pa lita, monga momwe maapozi a mitengo yosathiridwa kanthu angakhalire, ndipo mukufuna kufika 150. Akusowa 90. Ndiye kuti DAP wosakwana theka la galamu pa lita, kapena magalamu 8 mpaka 9 pa chigubu cha malita 20. Basi. Malamulo a vinyo ku Ulaya salola kupitirira galamu imodzi pa lita, ndipo cider wopanda shuga wowonjezera safuna n'komwe kuyandikira pamenepo. Palibe wa ife ali ndi makina oyezera YAN kunyumba, choncho 60 ameneyo ndi wongoyerekeza, koma kuthira mochepa pang'ono kuli bwino kuposa kudzaza dzanja.

Mlimi akamva dzina la DAP maso amatembenukira ku thumba lili m'nkhokwe. Ayi. DAP wa kumunda, wolembedwa 18-46-0, sanayeretsedwe kuti alowe m'mimba mwa munthu, ndipo miyala ya phosphate imene amapangira imatha kukhala ndi zitsulo zoopsa monga cadmium. NPK chimodzimodzi. Yureya ndiye woipitsitsa, ngakhale yisiti amamudya ndithu ndipo chigubu chimawira mochititsa kaso. Yureya wotsala amagwirizana ndi mowa n'kupanga ethyl carbamate, amene bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linamuika mu 2007 m'gulu la zinthu zimene zikuoneka kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Tonse tinamvapo za otcheza kachasu amene amathira feteleza mumgolo kuti uwire msanga. Zimene anaona ndi zoona, mgolo umafulumiradi, chifukwa yisiti wawo analinso ndi njala yomweyi. Koma mtengo wake amalipira ndi akumwa. Ndipo poti tatchula ethyl carbamate: opanga wa mapichesi achotse nthanga, asazisinjire limodzi, chifukwa nazonso zimathandiza kupanga chinthu chomwechi.

DAP wa chakudya sindinamupezepo m'sitolo ku Ulongwe. Wanga anandibweretsera mnzanga woyendetsa thiraki kuchokera ku Johannesburg, kumene kuli masitolo a anthu ofulula mowa kunyumba. Kumeneko amagulitsanso zosakaniza kale monga Fermaid K ndi Fermaid O za kampani ya Lallemand ya ku Canada. Yoyambayo ndi DAP wosakaniza ndi yisiti wakufa, mavitamini ndi timchere. Yachiwiriyo ndi yochokera ku yisiti wakufa yekha, yopanda DAP. Kusiyana kwake kuli ndi tanthauzo. Amoniya wa mu DAP yisiti amamumeza mwamsangamsanga, kuwira kumalumpha, chigubu chimatentha, kenako njala imabweranso. Ma amino acid amalowa pang'onopang'ono, kuwira kumayenda mofatsa, ndipo fungo la chipatso limatsala. Ine ndikapatsidwa mwayi wosankha ndimatenga wa yisiti wakufa.

Mwayi wake, ameneyo mungathe kumupanga nokha. Tengani yisiti wa buledi wa m'paketi, magalamu 10 mpaka 20 pa chigubu cha malita 20, mumuthire m'kapu ya madzi, muwiritse mphindi 10 mukuvundula kuti asapserere. Amasanduka kaphala kotuwa konunkhira ngati msuzi. Kutenthako kumamupha ndi kumuphulitsa, ndipo zam'kati mwake, ma amino acid, mavitamini, mafuta a khungu aja, zimakhala chakudya cha yisiti wamoyo. Aziziritse kaye musanathire. Kunena zoona nayitrojeni wake ndi wochepa poyerekeza ndi DAP, chifukwa wambiri amakhala womangika m'mapuloteni amene yisiti sangawadye onse. Pa cider wa 6 peresenti amakwanira nthawi zambiri. Pa chigubu chothiridwa makilogalamu atatu a shuga sangakwanire, ndipo mankhwala ake pamenepo ndi kuchepetsa shugayo. Mphesa zouma zimene anthu amalangizana pa intaneti musavutike nazo, dzanja limodzi la mphesa ndi shuga wina chabe. Chimera cha azakhali chikhoza kugwira ntchito mutachinyika, kusefa ndi kuwiritsa madzi ake, koma cider amamveka mawere, ndipo chosawiritsa chimabweretsa mabakiteriya owawasitsa aja amene amakometsa masese koma amaononga cider.

Kuchuluka kwa chakudya n'kosavuta. Chimene chimasiyanitsa cider wabwino ndi woipa ndi nthawi, ndipo apa mlimi wa chimanga wa ku Domue kapena ku Tsangano safunika kumuphunzitsa zambiri. Palibe amene amakhuthula feteleza yense tsiku lobzala, ndipo palibe amene amathira wobereketsa chimanga chitakhwima. Pali wokulitsa, pali wobereketsa, aliyense ndi sabata yake.

Yisiti wouma amadzutsidwa kaye m'madzi ofunda, madigiri 35 mpaka 40, kwa mphindi 15 kapena 20. M'madzi amenewa musathiremo DAP. Khungu la yisiti limakhala lisanatsekeke bwino, ndipo amoniya amamuwotcha monga feteleza amawotchera mbewu mukamugundanitsa nayo m'phando. Akadzuka, muthirirenimo pang'ono madzi a maapozi kuti azolowere kuzizira, chifukwa kusiyana kopitirira madigiri 10 kungamuphe. Gawo loyamba la chakudya, theka, limalowa kuwira kutangoyamba kuoneka, patapita tsiku limodzi kapena kuposerapo pang'ono. Theka lachiwiri limalowa shuga atatha gawo limodzi mwa magawo atatu. Amene ali ndi hydrometer, kagalasi koyandama koyezera shuga, ngati anayambira pa 1.050 athire ikafika cha pa 1.033. Amene alibe alawe: madziwo akhale akadali otsekemera ndithu koma atayamba kuluma lilime. Kuno kumtunda zimachitika tsiku lachitatu kapena lachinayi. Shuga akatha kupitirira theka, mwachedwa. Mowa umene wapangika umalepheretsa yisiti kumeza chakudya, makamaka ma amino acid, ndipo chotsalacho chimadikira mabakiteriya ndi yisiti wakutchire amene adzaononge cider m'botolo. DAP wotsala amamvekanso kamchere pakamwa.

Kachenjezo kamene ndinakaphunzira ndi malaya onyowa: musathire ufa wouma m'chigubu chimene chikuwira. Mpweya wonse wosungunuka umatuluka nthawi imodzi ndipo thovu limafika kudenga. Sungunulani chakudyacho m'kapu ya madzi owiritsa, vundulani chigubu pang'onopang'ono kaye, kenako thirani pang'onopang'ono.

Nyengo imasintha zonsezi, ndipo chigawo chathu cha Tete chili ndi nyengo ziwiri zosiyana ngati usiku ndi usana. Cider amakonda madigiri 15 mpaka 20. Ku Ulongwe, pamtunda wopitirira mamita 1,200, chipinda chamthunzi chimakhala pafupi ndi pamenepo miyezi yambiri. Mumzinda wa Tete kapena ku Moatize mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Kumeneko yisiti amathamanga, nayitrojeni amatha tsiku lachiwiri, fungo la mazira limabwera msanga, ndipo amapanga mitundu ina ya mowa yoluma kukhosi. Kuthira DAP wambiri m'chigubu chotentha kale ndi kusonkhezera moto. Wa ku Tete apange cider mu Juni kapena Julayi, aimike chigubu m'beseni la madzi atachifunditsa thumba lonyowa, agawe chakudya katatu m'malo mwa kawiri, ndipo asankhe yisiti wopirira monga EC-1118, amene safuna nayitrojeni wambiri. Ambiri kumeneko adzagwiritsa ntchito madzi a maapozi a m'makatoni ochokera ku South Africa. Awerenge pakatoni: pakalembedwa sorbato de potássio kapena benzoato de sódio, asiye, chifukwa amenewo ndi mankhwala oletsa yisiti ndipo palibe chakudya chingawagonjetse. Madzi oyera mbee osefedwa kwambiri amasowanso tinyenyeswa ta chipatso timene timapatsa yisiti mafuta, ndiye yisiti wowiritsa uja amathandiza kwambiri pamenepo.

Tsono pali anthu amene amachita zotsutsana ndi zonse ndanenazi, ndipo cider wawo ndi wotchuka. Ku Normandy ndi ku Brittany m'dziko la France amamana yisiti chakudya mwadala. Amasiya madzi a maapozi pamalo ozizira mpaka pectin, chinthu chonanda cha m'chipatso, atagwirana n'kuyandama pamwamba ngati chikhoko chofiirira chimene amachitcha chapeau brun. Chikhokocho chimatenga nayitrojeni wambiri ndi yisiti wambiri. Amakoka madzi oyera a pansi pake, ndipo amenewo amawira mwaulesi kwa miyezi, pogwiritsa ntchito yisiti wa pamakoko, mpaka kuima shuga akadalipo. Zotsatira zake ndi cider wotsekemera mwachibadwa, wina wosapitirira 3 peresenti. Chimene chimawapulumutsa ku mazira owola ndi kuzizira ndi kuchepa kwa yisiti: ochepa, oyenda pang'onopang'ono, safuna zambiri. Njala imapweteka pamene mwathira yisiti wamphamvu wa m'paketi, pamalo ofunda, m'madzi osauka. Kumadzulo kwa England akale ankathana nazo mwanjira ina, ankapachika nyama ya nkhosa mumgolo kuti cider woima ayambirenso. Nayitrojeni ndi mavitamini zinkachokera m'nyamayo. Sindikulangiza aliyense kutaya mwendo wa mbuzi motero.

Kuzizira kwa Angónia mu Juni ndi Julayi kumalola munthu kuyesa njira yofatsayi, osathira chakudya chilichonse, ndipo ndikuganiza kuti maapozi a mitengo yakale amakoma kwambiri akapangidwa choncho. Koma muli msampha. Cider amene waima chifukwa cha njala ndi kuzizira sanathe, wangogona. Mukamutsekera m'mabotolo agalasi mu Julayi ali wotsekemera, dzuwa la Seputembala ndi Okutobala lidzamudzutsa, ndipo botolo la mowa wamba likaphulika magalasi amafika pamaso. Ikani wina m'botolo lapulasitiki la zakumwa zoziziritsa kukhosi, muzilifinya sabata iliyonse. Likalimba ngati mwala, agalasi aja atsegulidwe tsiku lomwelo.

Chigubu changa chija ndinachipulumutsa chifukwa shuga anali akadali wambiri. Ndinakhuthulira cider m'ndowa yoyera kuchokera m'mwamba kuti akhavuke, mpweya wonunkhawo uthawe, ndinawiritsa mapaketi awiri a fermento, n'kubwezera zonse m'chigubu chotsukidwa. Patapita masiku awiri fungo linali litachepa, pa sabata linatha. Likanakhala kuti latsalira kuwira kutatha, njira yake ndi kumuchotsa cider pamatsenga a pansi mwamsanga, ndipo likakanika, kuvundula kwa mphindi imodzi kapena ziwiri ndi waya wamkuwa wopalidwa bwino, chifukwa mkuwa umagwira sulphide. Wayayo asagonemo, mkuwa wochuluka ndi poizoni. Kuzengereza ndiye koipa: hydrogen sulphide akakhalitsa amasanduka zinthu zina zonunkha ngati kabichi wowola kapena tayala lopsa, ndipo zimenezo kukhavula sikuzichotsa.

Ndinadikira miyezi itatu kuti ayere. Botolo loyamba ndinapita nalo kwa azakhali. Anathira m'kapu yachitsulo, ananunkhiza nthawi yaitali, anamwa pang'ono, anayang'ana m'kapumo ngati akufunafuna masese pansi.

"Fungo lija lapita kuti?"

"Ndinamudyetsa, azakhali."

"Wamudyetsa chiyani?"

"Fermento wowiritsa."

"Mowa wa anthu osalima uwu, sukhalitsa m'mimba," anatero, n'kundipatsa kapu kuti ndithiremonso.